Aphungu akavomereza bilu, kodi lamulo layamba kugwira ntchito?

Mayi, mwamva pa wailesi kuti aphungu avomereza bilu yokhudza malonda anu, ndipo mukufunsa ngati angayambe kukulipiritsani chindapusa mawa lomweli. Ayi, sangatero. Bilu yomwe yangodutsa m'Nyumba ya Malamulo sinakhale lamulo, idakali pa ulendo.

Mabilu ambiri amachokera ku boma. Akatswiri a ku Unduna wa Zachilungamo amalemba, nduna zikagwirizana nayo imapita ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Phungu payekha athanso kubweretsa yake. Kumeneko imawerengedwa katatu. Koyamba amangotchula dzina lake. Kachiwiri ndi pomwe pamakhala mtsutso umene mumaumva pa wailesi uja. Kenako Sipikala amachoka pampando, nyumba yonse n'kusanduka komiti, aphungu n'kuyamba kuunika ndime ndi ndime, mwina kukangana pa liwu limodzi lokha. Bilu ikatumizidwa ku komiti ya aphungu, ndiye nthawi yoti inu ndi anzanu a mumsika mupereke madandaulo anu, kudzera kwa phungu wa dera lanu kapena polembera komitiyo. Ambiri amadzuka mochedwa, bilu itawerengedwa kale kachitatu, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima.

Ikadutsa imapita kwa Pulezidenti. Gawo 73 la malamulo aakulu a dziko lino limamupatsa masiku 21 kuti asaine kapena akane. Akakana, amaibweza kwa Sipikala pamodzi ndi zifukwa zake, monga anachitira a Peter Mutharika mu 2020 ndi mabilu okhudza zisankho. Aphungu amadikira masiku 21, ndipo akaivomerezanso isanathe miyezi 3 kuchokera pamenepo, Pulezidenti ayenera kusaina basi.

Ngakhale kusainako sikokwanira. Gawo 74 likuti lamulo siliyamba kugwira ntchito lisanasindikizidwe mu Gazette, nyuzipepala ya boma yolengezeramo malamulo, ndipo malamulo ena amasiyira nduna mphamvu yosankha tsiku loyambira. Taonani lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma: aphungu analivomereza mu December 2016, Pulezidenti anasaina mu February 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Zaka zoposa zitatu lili phee m'kabati, atolankhani akungolira.

Dziwaninso kuti malamulo aakulu aja amaletsa kulanga munthu pa chinthu chomwe sichinali mlandu pa tsiku limene anachichita. Choncho wina akabwera pa benchi yanu kudzakulipiritsani, mufunseni mwaulemu dzina la lamulolo, gawo lake ndi tsiku lomwe linayamba kugwira ntchito. Chenjerani pang'ono apa: makhonsolo ali ndi malamulo awoawo akale a m'misika, ndipo amenewo akugwirabe ntchito. Mukalipira chilichonse, musachoke opanda lisiti yokhala ndi chidindo, chifukwa ndi imene mudzaitengere kukhoti ngati anakulipiritsani molakwika.