Sitima ikamaima pamalo amodzimodzi, musathamangire kugula injini

Bambo ena a ku Blantyre andilembera imelo sabata yatha. Alamu awo anawabweretsera sitima yachidole ya Hornby kuchokera ku England, yogwirapo kale ntchito, iwo n'kukhoma njanji yake pathabwa m'galaja kuti aziyendetsa ndi mwana wawo. Koma akuti sitimayo ikafika mbali yotalikirana ndi pamene pamalowera mawaya, imayamba kudukizadukiza, kenaka n'kuimiratu mpaka aikankhe ndi chala. Akufunsa ngati injini yatha, ndiye aitanitse ina.

Bambo, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Injini yakufa siisankha malo ofera. Ngati yanuyo ikuthamanga bwino pafupi ndi mawaya n'kumakafooka kutsidya, vuto lili m'njira imene magetsi akudutsa.

Sitima zimenezi zimadya magetsi osapitirira mavoti 12 kwenikweni. Magetsiwo amayenda munjanji imodzi, kukwera m'mawilo, kulowa mumota, n'kubwerera kudzera munjanji inayo. Tsono pamene wilo limakhudzana ndi njanji m'pochepa ngati nsonga ya singano. Kafumbi kamene diso silingaone n'komwe n'kokwanira kudula ulendo, ndipo fumbi la m'chilimwe kwathu kuja mukulidziwa nokha. Kuti mtima ukhale m'malo, gadamitsani injiniyo pansalu yofewa, mutenge batire la mavoti 9 ndi timawaya tiwiri, mukhudzitse kamodzi ku wilo lakumanja, kena ku lakumanzere. Mawilo akazungulira mosadodoma, injini ilibe mlandu.

Mukatero yambani kupukuta. Kansalu kathonje kosathothoka ulusi, mukanyowetse pang'ono ndi isopropyl alcohol, kapena sipiliti ngati ameneyo wasowa, mukayendetse pamwamba pa njanji ndi chala. Mudzaona timizere tiwiri takuda bii pansaluyo. Bwerezani mpaka itatuluka yoyera. Chonde musayerekeze kukwecha ndi waya wotsukira mapoto uja. Timazenga take timakokedwa ndi maginito a mumota, ndipo tikalowamo ndiye kuti mwaipha injini imene inali yamoyo. Sandipepala nayenso ayi, amasiya timikwasa momwe litsiro limakakhazikika. Pamene ndatchula maginito, gunditsaniko amodzi panjanji yanuyo. Akamata, ndiye kuti ndi yachitsulo yakale ija, yochita dzimbiri nthawi yamvula. Njanji za masiku ano amapanga ndi nickel silver, ndipo maginito sagwirapo.

Mawilonso apukuteni, a injini ndi a mabogi omwe, chifukwa a mabogi ndiwo amanyamula litsiro n'kumalipaka panjanji imene mwangotsuka kumene. Kuseri kwa mawilo a injini kuli timalata topyapyala timene timatola magetsi. Pamenepo pamakonda kukulungana tsitsi ndi ulusi. Zichotseni mosamala ndi singano.

Koma amene ndikuwakayikira kwambiri pankhani yanuyi ndi tizitsulo tolumikizira njanji, timene Angerezi amati fishplate. Njanji yogwirapo kale ntchito imakhala kuti yazulidwa ndi kulumikizidwa kambirimbiri, tizitsuloto n'kukhwefuka. Pamfundo iliyonse yokhwefuka magetsi amatayikapo pang'ono, ndiye pofika kutsidya amakhala atatsala ochepa. Yendetsani sitima, ikaima musindikize ndi chala mfundo zoyandikira, imodziimodzi. Imene mutasindikize sitima n'kudzidzimuka, ndi yomweyo. Ifinyeni pang'ono ndi pulayazi.

Kumeneko n'kuchiza kwa lero. Mankhwala enieni ndi kusiya kudalira mfundozo. Yendetsani mawaya awiri onenepako kunsi kwa thabwa, wofiira ndi wakuda, kuyambira pamene pamalowera magetsi, mozungulira motsatira njanji. Boolani timabowo pambali pa njanji, mutulutse timawaya tating'ono kuchokera ku awiri aja, muwotcherere ndi soda (mtovu wolumikizira mawaya uja, solder pa Chingerezi) kumbali yakunja ya njanji, chifukwa mkati ndi momwe mumadutsa mlomo wa wilo. Wofiira akhale kunjanji yakunja ponseponse, wakuda yamkati. Mukasemphanitsa pamodzi pokha, zonse zithima. Ine nthawi yoyamba ndinachedwetsa chowotcherera panjanji, timitanda tapulasitiki tapansi n'kusungunuka, njanji n'kupotoka. Zinandiwawa, poti ndinali nditathira kale timiyala ndi guluu, ndipo ndinachita kuswa zonse. Kuyambira pomwepo ndimayamba ndapaka soda kuwaya payekha ndi kunjanji payokha, kenaka kungogunditsa kamphindi basi.

Popeza muli m'galaja, mwinanso lamalata, ganizirani kutentha kwa Okutobala. Njanji imatalika ikatenthedwa, ndipo ikasowa kopita imapindika. Siyani kampata kolowa kapepala kokhuthala pamfundo zina. Thabwalo likhale ndi mitanda kunsi, mulipake penti mbali zonse ziwiri kuti chinyezi cha dzinja chisalikhotetse. Mukamaliza kuyendetsa, fundikani nsalu.

Mafuta: kadontho kamodzi kapansonga ya singano pamagiya, opangira zidole zotere, osati ophikira.

Tsiku limene mudzafunedi injini yachiwiri, dziwani kuti yanuyo ndi ya OO, yochepa ka 76 poyerekeza ndi sitima yeniyeni, ndipo njanji zake n'zotalikirana mamilimita 16.5. Za HO, zochepa ka 87, zimayendanso panjanji yomweyo, ngakhale zimaoneka zazing'onoko ndipo zokolera mabogi zimasiyana. Za kampani ya Märklin za HO zokha musagule, zimatola magetsi pakati pa njanji ndipo panu sizingayende.

Mukapukuta ndi kufinya mfundo koma sitima n'kumaimabe, mundijambulire malowo chapafupi munditumizire. Ngati ndi pamphambano, nkhani yake ndi ina, tidzaiona payokha.