Wogula kapena kasitomala? Funso la wofufuza za malonda ku Limbe

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana amene akumaliza digiri yake ku MUBAS, ku Blantyre kuja kumene ambirife timatchulabe kuti ku Poly. Akufufuza momwe amalonda a mumsika wa Limbe amalankhulirana ndi anthu owagula. Mafunso ake anawalemba m'Chingerezi ndipo tsopano akuwamasulira. Iye akuti: "Kodi ndilembe wogula kapena kasitomala? Mnzanga akuti kasitomala si Chichewa. Nanga mayankho osankhapo aja, akuti 'ndikugwirizana nazo kwambiri' ndi 'ndikugwirizana nazo pang'ono', ali bwino?"

Achemwali, mnzanuyo mumuuze kuti kasitomala ndi Chichewa, monga momwe alili mawu akuti sitolo, buku ndi sukulu. Mawuwa tinabwereka kalekale ndipo anakhazikika. Chofunika kudziwa n'chakuti wogula ndi kasitomala si munthu mmodzi.

Wogula ndi aliyense amene wapereka ndalama n'kunyamula katundu, ngakhale wapaulendo amene watsika minibasi n'kugula nthochi, osadzaonekanso. Kasitomala ndi wodziwika nkhope. Ndi uja amabwerabwera, amene mayi wa tomato amamuwonjezera basela asanapemphe, mwinanso kumukongoza mpaka mwezi ukatha. Mayiyo akakuwira mlendo kuti "Kasitomala, tabwerani muone!", ndiye kuti akumukokera ku ubale umene sunayambe n'komwe. Ndipo tcherani khutu, mudzamva wogula nayenso akunena kuti "Ine nyemba ndimagula kwa kasitomala wanga." Apa kasitomala wasanduka wogulitsa uja. Mawu amodzi omwewo akugwira uku ndi uku, chifukwa chimene akutchula ndi kudziwana kwa anthu awiriwo. Inu amene mukufufuza za kalankhulidwe pa malonda, pamenepa ndiye pagona nkhani yanu, musapadumphe.

Choncho mukafuna chiwerengero, funsani kuti, "Pa tsiku amakugulani anthu angati?" Mukafuna za ubale, funsani kuti, "Alipo makasitomala amene amabwera kwa inu nokha?" Mukasakaniza, wina adzawerenga khumi, wina makumi asanu, onse akunena zoona.

Tsono za "pang'ono". Mawu amenewa amandidetsa nkhawa ndikawaona pa pepala la mafunso. Munthu akati "ndili bwino pang'ono", tonse timadziwa kuti sali bwino, ndipo timafunsa chavuta n'chiyani. Koma wamalonda mukamufunsa kuti geni ikuyenda bwanji, adzati "pang'onopang'ono" ngakhale tsiku limene katundu watha dzuwa lili paliwombo, chifukwa palibe amadzitama ndi phindu pagulu. Ndiye mayi akasankha "ndikugwirizana nazo pang'ono", wavomera kapena wakana mwaulemu? Kompyuta idzawerenga kuti wavomera. Mwina anali kukana, kungoti sanafune kukhumudwitsa mlendo amene wabwera ndi ulemu wake.

Ine ndikanakhala inu ndikanachepetsa mafunso ofuna kuvomereza, n'kuchulukitsa ofunsa zimene zinachitika. M'malo moti "Ndimamvetsera madandaulo a makasitomala", funsani kuti, "Munthu atabweza katundu komaliza, munatani?" Pamenepo adzakusimbirani nkhani yonse, ndi mawu amene ananena. Ngati aphunzitsi anu akufunabe mayankho osankhapo, lembani ooneka ndi maso: nthawi zonse, kawirikawiri, mwa apo ndi apo, sindinachitepo.

Mawu ena a ntchito yanu alipo kale mumsikamo. Ndalama yoyambira bizinesi ndi mpamba, n'chifukwa chake a TNM anatcha dzina limeneli njira yawo yotumizira ndalama pafoni. Kupikula katundu wambiri woti akagulitsenso amati kuoda. Kukambirana kuti mtengo utsike ndi kunenerera. Pa kalembedwe, onani Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene a Centre for Language Studies a ku Zomba anatulutsa mu 2000, koma tanthauzo la lero kalimvereni pa benchi.

Pali chimodzi chimene simunafunse. Mawu akuti kafukufuku ndi olondola, koma ndi omwenso timamva pa wailesi apolisi akamafufuza mlandu. Mukafika ndi cholembera m'manja n'kuyamba ndi "Ndikuchita kafukufuku wa bizinesi yanu", ena adzaganiza kuti mwachokera ku khonsolo kapena ku MRA, bungwe lotolera misonkho lija, ndipo pakamwa padzatsekeka. Yambani ndi moni, mudikire ayankhe. Kenako nenani kuti, "Mayi, ndine mwana wasukulu, ndabwera kudzaphunzira kwa inu momwe mumachezera ndi makasitomala anu. Dzina lanu sindilemba." Musanasindikize mapepala onse, kawerengereni mafunsowo mokweza amalonda atatu kapena anayi, ndipo funso lililonse limene angayankhe ndi "Mwati bwanji?" mukalilembenso.