GC yambiri siiyatsa jini

Achemwali, ayi, chonde musalembe zimenezo mu thesis yanu. Zoti dera la DNA lomwe mukufufuza ladzaza G ndi C (ziwiri mwa zilembo zinayi za DNA, A, T, G ndi C, zomwe timazitcha mabesi) ndiye kuti jini ya pamenepo ikugwira ntchito, ayi ndithu. Ndangowerenga funso lanu mutu n'kuyamba kuwawa, chifukwa mfundo yomweyo inandidyera miyezi 7 ndi tulo tanga tomwe.

Chovuta n'chakuti si bodza lenileni. Mu DNA ya munthu G ndi C zimakwana pafupifupi 41 peresenti, koma sizinamwazike mofanana. Giorgio Bernardi ndi anzake anaona kale m'ma 1970 kuti pali zigawo zitalizitali, zina za GC yambiri zina za AT yambiri, zomwe anadzazitcha ma isochore. Kromozomu 19 ili ndi GC pafupifupi 48 peresenti, majini athinana mmenemo kuposa pa kromozomu ina iliyonse, ndipo imakonda kukhala chapakati pa nyukiliyasi. Ya 18 ndi yayitali kuposa 19 koma majini ndi apatalipatali, ndipo imakankhidwira m'mphepete. Mizere yakuda imene imaoneka pa kromozomu ikapakidwa utoto wa Giemsa, AT ndiyo yachuluka, majini ochepa, kukopedwanso mochedwa selo likamakonzekera kugawikana. Supavaiza wanga zonsezi anali nazo pamtima. Pamenepo ndi pomwe anaimira.

Jini yanga inali ndi CpG island yokongola (chilumba cha DNA pomwe C yotsatana ndi G yachuluka) pa promoter, poyambira kuwerenga jini, yodutsa malire onse aja a m'mabuku: mabesi oposa 200, GC yoposa theka. Supavaiza akuti jini yotere ili maso, iwe ungoyeza kuchuluka kwa RNA (uthenga umene jini imatulutsa ikamagwira ntchito) m'maselo a khansa amene tinkaweta. Ndinayeza. Pa qPCR, makina oyezera RNA, mzere wa GAPDH, jini yoyerekezera yomwe imakhala ili maso nthawi zonse, kukwera bwinobwino, wa jini yanga uli gone pansi mpaka makina kuzima. Ndinabwereza. Ma primer (tizidutswa ta DNA toyambitsira kukopa) atsopano, ma tip a fyuluta, magolovesi kusintha ngati wamisala, tebulo kupukuta mpaka manja kusuwa. Fungo la Trizol, mankhwala otulutsira RNA, linkanditsatira mpaka kogona. Mzere uli chigonere.

Tsiku limene sindiiwala ndi la msonkhano wa labu. Anthu ali phee, magetsi azimitsidwa, graph yanga ili pakhoma. Ndisanamalize n'komwe chiganizo choyamba bambo aja, supavaiza wanga, anadzuka, kundilanda kachitsulo kolozera m'manja, n'kumayendetsa kadontho kofiira pamzere wogonawo uku ndi uku, pang'onopang'ono, ngati akuonetsa ana a sukulu njoka yakufa. Kenako anandifunsa ngati RNA imeneyi ndinaitulutsa ndi manja kapena ndi mapazi. Wina kumbuyo anaseka. Ine pakhosi pouma gwa, mawu osatuluka. Chondipweteka mpaka lero n'chakuti slide yotsatira inali chithunzi cha jelo, mizere ya 28S ndi 18S yoonekera bwino mbee, umboni woti RNA yanga sinawonongeke. Sanalole kuti ndifikepo. Anati tisataye nthawi, wotsatira abwere. Ndinakalirira kuchimbudzi, chovala cha mu labu chili m'thupi, kenako n'kubwerera kukasintha madzi a maselo chifukwa iwo sadziwa zoti mwini wake wanyozedwa.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire, tekinishani, amene ma professor ankangomudutsa ngati mpando. Anandipeza ndikutsuka mabotolo nati, mwanawe, unayamba waona ngati chilumba chakocho sichinapakidwe methyl, kachizindikiro kamene selo limamata pa C? Tinachita bisulfite mwakachetechete. Mankhwala amenewa amasandutsa C yopanda methyl kuti iziwerengedwa ngati T, koma C yovala methyl imakhala momwemo. Zotsatira zitabwera ndinawerenga katatu. CpG iliyonse inali C. Yonse, kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Tinathira 5-azacytidine m'maselo, yomwe imalepheretsa methyl kuikidwa pa DNA yatsopano, ndipo patapita masiku ochepa mzere uja unadzuka. Manja anga analibe mlandu. Jini inali yotsekedwa.

Zimene zimachitika n'zakuti methyl ikakhala pa C za pa promoter, mapuloteni ngati MeCP2 amabwera kudzakakamira pamenepo, n'kuitana ma enzyme ochotsa acetyl pa ma histone, mapuloteni amene DNA imakulungidwapo. DNA, yomwe kale imakulungidwa mabesi 147 pa nucleosome iliyonse (kampira ka ma histone), imafinyika zolimba, polymerase yowerenga jini n'kusowa polowera. Zilembo sizinasinthe ngakhale chimodzi. M'maselo athanzi zilumba zambiri za CpG zimakhala zopanda methyl, n'chifukwa chake Adrian Bird atazifotokoza m'ma 1980 anthu anazitenga ngati chikwangwani cha poyambira jini. Koma khansa imazipaka. Jini ya p16 imatsekedwa choncho m'makhansa ambiri, ya MLH1 m'khansa ina ya m'matumbo. Zinali m'mabuku kale, munthu wa madigiri onse aja sanafune kungoganizako.

Ndipo si khansa yokha. Matenda obadwa nawo a Fragile X ndi CGG yobwerezabwereza mu jini ya FMR1, G ndi C zokhazokha, koma zikapitirira 200 methyl imagwerapo jini n'kukhala chete. Kromozomu X imodzi mwa akazi imazimitsidwa pafupifupi yonse, monga anafotokozera Mary Lyon mu 1961, chonsecho mndandanda wa majini ake ndi womwewo wa inzake yogwira ntchito. Hermann Muller mu 1930 anapeza ntchentche za Drosophila za maso a mawangamawanga, ofiira ndi oyera, chifukwa jini ya mtundu wa diso inasunthira pafupi ndi heterochromatin, DNA yofinyika zolimba, maselo ena n'kuitseka ena ayi. Jini yomweyo, yangosintha oyandikana nawo. Tembenuzaninso: Plasmodium falciparum, kachilombo ka malungo, ili ndi GC ya 19 peresenti yokha, kodi majini ake akugona?

Bambo aja atamva, kupepesa kunalibe. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti ankazikayikira kuyambira kale. Kuyambira kale! Kumsonkhano waukulu anakafotokoza okha ngati nzeru inawabwerera m'bafa, dzina la mayi uja osatchulidwa ngakhale pa slide yothokoza. Mpaka pano ndikaona kadontho kofiira pakhoma m'mimba mumatembenuka.

Ndiye inu yezani RNA, onani methylation, ndipo fufuzani ngati pali data ya ATAC-seq kapena Hi-C (njira zoonera mmene DNA yatsegukira kapena kupindikira) ya mtundu wa maselo anu enieniwo, osati a wina, muone ngati dera lanu lili lotseguka. Komabe musataye GC. Ine ndemwe ndikapatsidwa jini yatsopano choyamba ndimatsegula webusaiti ya UCSC Genome Browser kuona GC ndi chilumba cha CpG, ndipo nthawi zambiri zimalozera koona. Pa mayeso akakufunsani lembani kuti madera a GC yambiri ali ndi majini ambiri ogwira ntchito, mupeza malikisi anu. Supavaiza wanunso musamutsutse pagulu, ngakhale ine ndimadandaula kuti bwenzi nditangodina batani slide ya jelo ija n'kutuluka. Mverani zonena zake, akhoza kukhala akulondola, wanu si wanga. Bisulfite muzichita madzulo iye atapita.

China, ngati PCR (kukopa DNA mu labu) ya dera la GC yambirilo ikukana, musayambe kudzida. G ndi C zimagwirana zolimba, DNA n'kumadzipinda yokha. Thiranimo mankhwala a DMSO pafupifupi 5 peresenti kapena betaine musanagule ma primer ena.