Mtolankhani akasamukira kunja, cholembera achitaye?

Mayi wina watitumizira imelo. Kwawo anali mtolankhani, pano ali kunja, akulongedza katundu m'fakitale, ndipo akufunsa ngati asiye ntchitoyo kuti alembe buku. Mayi, musanapereke kalata yosiyira ntchito, tamvani za Dany Laferrière, mlembi wa mabuku wochokera ku Haiti.

Mkuluyu anabadwira ku Port-au-Prince, likulu la Haiti, mu 1953, koma analeredwa ndi agogo ake aakazi ku Petit-Goâve, bambo ake atathawa ulamuliro wankhanza wa Pulezidenti François Duvalier. Atakula ankalembera nyuzipepala ya Le Petit Samedi Soir komanso kugwira ntchito pa Radio Haïti-Inter. Pa 1 Juni 1976 mnzake wapamtima, mtolankhani Gasner Raymond, anaphedwa. Laferrière sanadikire kuti opha mnzakewo amugogodere pakhomo. Anathawira ku Montréal, m'dziko la Canada, ali ndi zaka 23.

Taonani pamene pagona nkhani. Ku Montréal amalankhula Chifalansa, chomwe iye ankalemba kale bwinobwino, koma zitseko za nyuzipepala sizinamutsegukire. Analowa m'mafakitale ngati inu nomwe. Mkonzi wa kunja sagula dzina lanu la kumudzi, amagula anthu amene mungawaimbire foni lero lino, ndipo mlendo amafika alibe ndi mmodzi yemwe. Amene amakuuzani kuti luso lokha lidzakutsegulirani njira akukunamizani masanasana.

Buku lake loyamba linatuluka mu 1985, patapita zaka 9, ndipo silinali la Haiti ayi. Linali la anyamata awiri akuda m'kachipinda ka lendi ku Montréal komweko. Kenako anakalosera zanyengo pa wailesi ya kanema ya TQS. Ena amati kumeneko kunali kudzitsitsa. Ine ndimati lendi sifunsa kuti ndalama yachokera kuti. Za agogo ake anadzazilemba atasamukira ku Miami mu 1990. Buku lake la L'Énigme du retour linapata mphoto ya zolembalemba ya ku France yotchedwa Médicis mu 2009, ndipo mu Disembala 2013 anasankhidwa kulowa mu Académie française, bungwe lolemekezeka losamalira chilankhulo cha Chifalansa.

Tsono inu mutani?

Ntchito musasiye. Onani kaye ngati chitupa chanu chokhalira m'dzikomo chikulola kulandira malipiro a zolemba, poti ambiri amakodwa pamenepo. Lembani tsamba limodzi musanapite kufakitale, osati mukaweruka mutatopa. Yambani ndi fakitaleyo: phokoso la lamba wonyamula makatoni, chilankhulo cha kapitawo, zomwe anzanu amatsegula m'mabokosi awo nthawi ya nkhomaliro.