Musapereke zolemba zanu kwa mkonzi buku lisanathe

Achimwene, pa zoti mupereke mitu yoyambirira kwa mkonzi buku lisanathe, ine ndikukana, ndipo ndikuyankha mtima ukundiwawa. Buku langa loyamba ndinkalilemba pamanja m'makope a chikuto cholimba, m'mamawa ndisanapite kuntchito, ndipo nkhani inali itafika pakati penipeni pamene bambo wina wodziwika pakati pa alembi ku Blantyre anandiuza kuti ndiwapatse aione. Ankayankhula ngati kuti ofalitsa mabuku onse m'dziko muno amayamba afunsa iwo, choncho ndinawatengera makope onse.

Patapita miyezi anandibwezera mutu woyamba wokha, utafiira ndi inki. Nkhawa yawo yonse inali pa kalembedwe: pamene ndaphatikiza mawu oyenera kulekana, pamene ndasiya kachizindikiro ka pamwamba pa ŵ, ndiponso zimene amati malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1990 amanena. Za ampangankhani anga, kaya akumveka ngati anthu enieni, kaya nkhani ikuyenda, pa nthawiyo sanatchulepo kanthu. Ndinakhalira kukonza mutu umodzi womwewo uku mapeto a buku akuzilala m'mutu mwanga.

Tsiku limene ndinapita kukatenga makope otsalawo linali la mvula. Sanandilowetse m'nyumba, anandiimika pakhonde n'kutuma mwana kuti akafufuze kuchipinda. Mwanayo anabwera ndi kope limodzi lopanda chikuto, lotupa ndi madzi a denga lodontha, inki itasungunuka moti masamba a mutu wa maliro, umene ndinauvutikira kuposa yonse, anangokhala mabanga a buluu. Masamba a pakati anali atazulidwa, ndipo kumapeto kwake mwana wina anali atachitirako masamu ogawa. Nditafunsa za makope enawo, bambowo anayankha akuyang'ana pafoni kuti anabwereketsa mnzawo wa ku Zomba amene nambala yake inasowa. Kenako anandiuza kuti mlembi weniweni sadandaula, amangolembanso, ndipo ndisanatuluke pageti anandipempha ndalama ya mayunitsi yoti amufufuzire mnzawoyo. Mpaka lero munthu ameneyu amaimirira pamisonkhano n'kumalangiza achinyamata za kulemekeza luso, ndipo anthu amamuombera m'manja.

Musanamizidwe ndi nkhani ya malamulo. N'zoona kuti lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza zimene mwalemba, ndipo bungwe loona za umwini wa zaluso la COSOMA lakhala likugwira ntchito imeneyi kuyambira 1992, koma palibe lamulo limene lingakubwezereni masamba amene anyowa ndi kuzulidwa. Ngati mumalemba pamanja, jambulani tsamba lililonse ndi foni tsiku lomwelo n'kudzitumizira pa imelo. Ngati mumalemba pa kompyuta, musadalire fulashi imodzi, chifukwa imatenga mavairasi m'malo osindikizira, ndiponso magetsi amazima musanasunge.

Pamene mukulemba bukulo ulendo woyamba, sankhani nthawi imodzi ndipo muziisunga ngakhale tsiku limene mawu akukana kubwera. Musabwerere m'mbuyo kukakonza zilembo kapena kusintha dzina la mpangankhani. Lembani chikumbutso m'mbali mwa tsamba n'kupitirira. Muzilekeza pamene mukudziwa chimene chichitike kutsogolo, kuti mawa musadzayambire pa tsamba loyera. Mukafika pa mawu omaliza, buku liikeni padera kwa kanthawi, ndipo mukadzalitsegulanso muziliwerenga mokweza, pakuti khutu limagwira zokambirana zabodza zimene diso limazilambalala.

Komabe musalembe nokha ngati muli m'phanga. Bambo aja, pa zoipa zawo zonse, tsiku lina ananena mongodutsa kuti nkhani yanga ikuyambira pa mutu wachitatu ndipo iwiri yoyambayo ndi malonje chabe, ndipo nditalembanso bukulo ndinaidula yonse iwiri. Choncho pezani munthu mmodzi wokonda kuwerenga, makamaka amene salemba mabuku, mumupatse mitu ingapo ngakhale musanamalize, ndipo mumufunse funso limodzi lokha, lakuti ndi pa tsamba liti pamene anayamba kutopa. Mumupatse zofotokopa, ndipo mugwirizane tsiku lobweza asanachoke nazo.