Asisi musanalipire, funsani kaye kuti mphunzitsi wa karateyo (sensei) anaphunzira kwa ndani

Asisi ine ndiyankhako pomwe mwati mukufuna kalabu ya karate ya traditional yeniyeni ya mwana wanu wa zaka 9 kuno ku Joni.

Choyamba achimwene aja ati karate inachokera kwa ma monk a ku Shaolin, ayi ndithu, zimenezo ndi za mu vidiyo sho zija tinkaonera titaba ndalama ya chigayo. Karate kwawo ndi ku Okinawa, chilumba cha kumwera kwa Japan chomwe kale chinali likulu la ufumu wa Ryukyu. Ankangoti te, kutanthauza dzanja, ndipo Shuri, Naha ndi Tomari dera lililonse linali ndi kamenyedwe kake. China ilimo inde poti anthu ngati Kanryo Higaonna anakaphunzira ku Fuzhou nkubwerera kwawo, mpaka dzinalo poyamba linkalembedwa kuti dzanja la ku China, mzaka za mma 1930 ndi mmene anasintha kuti lizitanthauza dzanja lopanda kanthu. Ku Tokyo anakaionetsa Gichin Funakoshi mu 1922 nkukhazikika konko, Shotokan, mtundu wa karate womwe wadzadza ponseponsewu, ndi ya iyeyo.

Nde mvetsani apa. Malamba amene makolo timafera aja si a makedzana ayi, Funakoshi anachita kubwereka ku judo ya Jigoro Kano pamodzi ndi yunifomu yoyera ija, malamba akuda oyamba anapereka mu 1924. Akuluakulu a ku Okinawa ankaphunzitsira pakhomo, munthu zaka zitatu ali pa kata imodzi yomweyo (kata ndi mndandanda wa mayendedwe ndi kamenyedwe woloweza pamtima) opanda lamba olo satifiketi. Ndiye mukaona sensei nkhani yake ndi ya malamba yokhayokha kwinaku akuti traditional, gwirani chikwama.

Ine zinandionekera. Mwana wanga woyamba ndinampititsa kwa bambo wina amaphunzitsira mu holo ya tchalitchi, pa chikwangwani atalemba kuti 8th dan (dan ndi giredi ya lamba wakuda, ya 8 ndi yapamwamba zedi), munthu wake sanafike ndi zaka 40 zomwe. Miyezi iwiri iliyonse grading, mayeso okwezera lamba, grading iliyonse R350 kuphatikiza lamba oti ugule kwa iyeyo basi, ndipo palibe mwana analepherapo olo mmodzi, ngakhale aja amangobwera kudzathamangitsana. Chaka ndi theka mwana ali pa lamba wa brown, pafupi ndi wakuda, ine kunyada kutumiza zithunzi kumudzi. Titasamuka nkupita naye ku dojo (kalabu ya karate) ina, sensei wa kumeneko anangomuuza kuti tapanga Heian Nidan, imodzi mwa kata zoyambirira, tione, mwana njenjenje kuima osadziwa poyambira, satifiketi ya mwanayo anaiyang'ana nkundibwezera mwaulemu kuti bungwe ili sitikulidziwa. Anayambiranso pa white akulira, ine ndalama zija ndikaziwerengera mpaka lero mtima umandiwawa.

Funso lake ndi limodzi, anakuphunzitsani ndani, nanga dan yanuyo anakupatsani ndani. Kuno sizovuta kulondola chifukwa mzere wake ulipo, Japan Karate Association inayamba mu 1949 nkumatumiza aphunzitsi kunja, Stan Schmidt wa konkuno ku Johannesburg anapita kukaphunzira ku Tokyo mu 1963, ndipo mu 1965 kunabwera Kase, Kanazawa, Enoeda ndi Shirai. Wa Shotokan weniweni akakutchulirani maina awiri atatu mwafika kale kwa anthu amenewa. Wa Goju-ryu, mtundu wina wa karate, akafike kwa Chojun Miyagi yemwe anauyambitsa. Akayamba kukwiya kapena zoti ndinaphunzira kwa master wina wachinsinsi kuphiri, nyamukani. Akakananso kuti mukhale pansi muonerere kalasi imodzi musanalipire, nyamukaninso.

Aja akukuuzani za karate ya Kyokushin sakunama kuti ndi yolimba, ya Mas Oyama ija amamenyana zenizeni mpaka wina agwe, koma kwa wa zaka 9 woyamba kumene ine ayi, ayambe wadziwa kuima bwino. Komanso musatengeke ndi makapu ali pa shelefu, za mapointi zija ndi sport karate, inalowako ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021 koma ku Paris 2024 kunalibe, si yoipa koma si imene mwafunsa.

Mitengo komwe tili pano timalipira cha mma R500 pamwezi kawiri pa sabata, ena amafika R700, grading kawiri kapena katatu pachaka basi, kuonjezera ya affiliation, umembala wa ku bungwe la karate, kamodzi pachaka. Gi, yunifomu yoyera ija, ya mwana cha mma R400, osagula yodula poyamba poti anawa mwezi wachitatu amatha kunena kuti ndikufuna mpira. Mugule yokulirapo saizi imodzi, imabwerera ikachapidwa, ndipo osaichapira pamodzi ndi lamba wachikuda, yathu inasanduka ya pinki.