Mwana wanga amadzuka 2 koloko usiku kuti awerenge, koma m'kalasi akungosinza

Mayi wina watilembera za mwana wake wamkazi amene ali Fomu 4 pa sukulu yoyendera ndipo akukonzekera mayeso a MSCE. Mtsikanayu amagona cha m'ma 11 usiku, mayi ake n'kumudzutsa 2 koloko. Amaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira, kumwa tiyi wowawa, n'kuwerenga mpaka kucha. Aphunzitsi akudandaula kuti m'kalasi amangosinza ndipo malikisi ake akutsika. Mayiwa akufunsa ngati apitirize kumudzutsa.

Mayi, khama la mwana wanu n'lotamandika, ndipo ndikudziwa kuti mumamudzutsa chifukwa mukumufunira malo ku yunivesite. Komabe lekani kumudzutsa nthawi imeneyo. Madokotala oona za tulo amalangiza kuti mwana wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Wanuyo akugona maola 3 okha.

Ana ambiri sadziwa kuti ubongo umasunga zophunzira munthu ali m'tulo. Zimene wawerenga masana zimakhala ngati chimanga chounjikidwa pabwalo, ndipo tulo ndi timene timachilowetsa m'nkhokwe. N'chifukwa chake mwana wochezera amati akaona funso pa pepala amakumbukira kuti zimenezi anaziwerengapo, koma yankho osabwera.

Thupi lili ndi wotchi yakeyake yoyenda maola pafupifupi 24, ndipo imatsatira kuwala ndi mdima. Asayansi atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, adalandira mphoto ya Nobel mu 2017 atatulukira mmene wotchiyi imayendera pofufuza tintchentche ta pa zipatso. Kukada, ubongo umatulutsa melatonin, michere yodzetsa tulo, ndipo m'bandakucha kutentha kwa thupi kumatsikiratu, maganizo n'kulemera. Nthawi imene mwana wanu wasankha kuti aziwerenga ndi imene mutu wake umakhala wofooka kuposa nthawi ina iliyonse. Madzi ozizira amangotsegula maso, koma zowerengazo sizikhazikika.

Pali chinanso. Pa msinkhu wa unyamata melatonin imayamba kutuluka mochedwerapo kusiyana ndi mwa ana aang'ono, choncho madzulo, kuyambira 6:30 mpaka 9 koloko, mutu wake umakhala udakali wakuthwa. Apa ndi pamene mbali yanu ili, Mayi. M'makomo mwathu ambiri nthawi imeneyi mtsikana amakhala ali pamoto, kenako kutsuka mbale, kusungira madzi a mawa, alongo ake ali phee. Atsikana ambiri amadzuka pakati pa usiku chifukwa ndi nthawi yokhayo imene palibe wowatuma. Miyezi yatsalayi mugawireko ntchito za madzulo kwa abale ake, anyamata omwe, ndipo muonetsetse kuti nyali ya sola yatchajidwa masana kuti magetsi akazima asasowe poonera.

Azigona cha m'ma 9:30 n'kudzuka 5:30. Ulendo wa ku sukulu dzuwa likutuluka umathandiza wotchi ya m'thupi kuti isasokonekere. Loweruka ndi Lamlungu azidzukabe nthawi yomweyo, kapena kupitirira ndi ola limodzi basi, ndipo m'mawa wa masiku amenewa azilimbana ndi maphunziro omuvuta monga masamu ndi Chemistry, akudziyesa ndi mapepala akale a MANEB. Masana, pakati pa 1 ndi 3 koloko, pafupifupi aliyense amamva ulesi, kaya wadya nsima kaya ayi. Akaweruka akhoza kugonako mphindi 20, osapitirira 30, kuopa kudzasowa tulo usiku. Kuchapa yunifomu ndi kutunga madzi kumayeneranso nthawi imeneyi.

Tiyi wowawa uja asiye kumwa madzulo. Theka la caffeine, mankhwala othawitsa tulo a mu tiyi kapena khofi, limakhalabe m'magazi patatha maola pafupifupi 5. Ngati ali ndi foni, isamagone naye pamphasa.

Mwina akana poyamba, poti anzake akumuuza kuti wokhoza ndi wochezera. Muonetseni chiwerengero: maola 2 ndi theka madzulo, kuphatikiza tsiku lonse la m'kalasi ali maso, n'zambiri kuposa maola 3 osinzira pa buku. Mumukumbutsenso kuti mapepala a mayeso amalembedwa m'mawa ndi masana, ndiye thupi lizolowere kugwira ntchito nthawi imeneyo mayeso asanafike. Kusinthaku kumatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti kukhazikike.

Ngati wayamba kugona maola okwanira koma patatha masabata atatu akusinzabe m'kalasi, akumva chizungulire kapena kutopa msanga, mupite naye kuchipatala akamuyeze magazi. Kuchepa kwa magazi n'kofala mwa atsikana a msinkhu umenewu, ndipo malungo ndi likodzo nazonso zimafooketsa mwana chimodzimodzi.